Folo ndi Sikisi Amakumana pa Thwelofu

Kalatayo inalowa pa gulupu ya aphunzitsi Lolemba nthawi ya buleki, ndipo woyamba kuiona anali Kafoni. Nanga akanakhala ndani? Foni siinkachoka m'manja mwa mtsikana ameneyu, mpaka ana ndi aphunzitsi omwe anangomupatsa dzinalo, la makolo lija n'kuiwalika. Ankaphunzitsa masamu. Pa ntchito anali atangotha miyezi eyiti, akadali pa nthawi yomuyesa, ndipo fomu yomulembera ntchito yokhazikika inali gone mu kabati ya a Hedi, yopanda siginecha.

Anawerenga ali chiimire, tiyi akuzizira pa zenera. Kalata inkati kuyambira teremu ino zaluso, kaya nyimbo, kujambula, kuvina, zisudzo, zisamakhalenso kwazokha ngati mwana wopeza, zilowe m'maphunziro onse. Munsi mwake a Hedi anawonjezera zawo: "Lachinayi kukubwera a Insipekita. Adzaonera phunziro la madamu a masamu, la mtundu watsopanowu. Akakhutira asaina fomu. Akapanda kukhutira, teremu ikatha tidzatsanzikana."

"Mayo ine," anatero Kafoni, bondo litayamba kale kugwedezeka.

"Zophweka izo, madamu," anatero a Sayansi, pakamwa podzaza buledi. "Muwavinire ma fulakishoni. Chiuno hafu uku, hafu uku."

Sitafurumu yonse gwe kuseka. Kafoni anasekako ndi mano okha. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti pa sukulu yonse munthu amene akanamuthandiza anali mmodzi, a Zaluso. Ankadziwanso zomwe Kafoni anawachita a Zalusowo.

Nkhani yake inali iyi. Kalasi ya masamu ndi chipinda cha zaluso zinkalekanitsidwa ndi khoma la matabwa, lopyapyala moti munthu akayetsemula uko, kuno ana ankamuuza pepani. Ng'oma zikayamba, choko chinkanjenjemera pa bolodi. Mwezi wake wachiwiri Kafoni analemba kalata yodandaula, ya masamba awiri, yotayipa bwinobwino pa foni. A Hedi sanachedwe. Ng'oma zinatsekeredwa mu kabati, chipinda chinasanduka mosungira mipando yothyoka, ndipo a Zaluso, munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito, anakankhidwira ku kasitolo ka kuseri kwa thanki ya madzi. Kuyambira pamenepo moni wawo unali umodzi: "Madamu." Basi. Kugwira chipewa, n'kudutsa.

Madzulo kunyumba Kafoni anakhala pa mkono wa sofa, chala chikuthamanga pa sikirini. Nyimbo za masamu. Masamu ovina. Masamu a zisudzo. Zonse zinali za ana a mkaka, za abakha asanu opita kokasambira. Asisi ake, omwe ankamusunga, ankasita mayunifomu a ana. Alamu ake anali pansi, atamasula fani yonse, masikuluwu ali m'mbale.

"Alamu, bondo limenelo litigwetsera nyumba," anatero alamuwo. "Tilimange ku fani iyi, izizungulira popanda magetsi."

"Musandiyambe, alamu. Mutu wanga wadzaza."

"Wadzaza data."

"Pita kwa mdala uja," anatero asisi osadzutsa mutu.

"Asisi, munthu ndinamuthamangitsa ndekha."

"Ndiye? Unasiya mlomo, waupeza. Pita ukaudye."

Lachiwiri Kafoni anazungulira thanki katatu. Ulendo woyamba anayerekeza kuti akuyankha foni. Wachiwiri anasamba m'manja, m'manja moyera kale. Wachitatu anagogoda.

Kasitoloko kankanunkha penti ndi makatoni onyowa. A Zaluso anali pa benchi akudula katoni ndi lumo lomangidwa waya, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Sanamupatse mpando. Kunena zoona, mpando munalibe.

"Madamu."

"Aphunzitsi, ndabwera ndi vuto."

"Kodi phokoso likufikabe? Lumo ili ndilithire mafuta?"

Kafoni anafotokoza zonse mothamanga, kalata, Lachinayi, fomu, mawu akupondana okhaokha. Pepani anamutchula pakati penipeni, mwachangu, ngati munthu womeza piritsi. A Zaluso anamaliza kudula katoni yawo mpaka kumapeto, n'kuiika pambali.

"Mukuphunzitsa chiyani sabata ino?"

"LCM."

"Ndilankhuleni ngati munthu."

"Mutenge manambala awiri, tinene firii ndi folo. Firii akuyenda: firii, sikisi, naini, thwelofu. Folo naye akuyenda: folo, eyiti, thwelofu. Nambala yoyamba yomwe onse awiri aponda ndiye yankho. Thwelofu."

A Zaluso anakankhira lumo pambali. Kenako anaika manja onse awiri pa benchi. "Tawerengani mokweza. Osathamanga ngati mmene mumalankhuliramu."

Kafoni anayamba: wani, thu, firii. Dzanja lamanzere la mdalayo linagunda pa firii, lamanja pa folo. Lamanzere pa sikisi, lamanja pa eyiti, lamanzere pa naini. Manja ankathamangitsana, lina likafika linzake litachoka. Pa thwelofu onse awiri anagwa limodzi, gu!

Kafoni anasendera pafupi. "Bwerezani."

Anabwereza. Gu!

"Ndiye masamu anu aja ndi amenewa?" anafunsa a Zaluso. "Ife timangoti pokumana. Ndi zomwe zinkakusokosani kuseri kwa khoma zija."

Lachitatu anachita zomwe aphunzitsi onse amachita kukamabwera alendo: kuyeserera phunziro. Ana sikisite-thu, atatu atatu pa desiki. A Zaluso anawagawa pawiri. A mbali ya zenera aziwomba m'manja pa firii aliyense, a mbali ya chitseko azimenya desiki pa folo aliyense, Kafoni aziwerenga. Koyamba zinali ngati mvula pa malata. Kachitatu zinakhazikika, ndipo pa thwelofu kalasi yonse inagwa pamodzi, phaa! Ana anakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

Kafoni anayang'ana nthawi pa foni. Mphindi twente zatha, chitsanzo chimodzi chokha. Mawa phunziro ndi la mphindi fote, pa pulani pali zitsanzo zitatu ndi ntchito yolemba. Sizikwana.

"Tamverani njira yachidule," anatero. "Firii kuchulukitsa ndi folo?"

"Thwelofu!"

"Mwaona? Thu ndi faifi?"

"Teni!"

"Firii ndi faifi?"

"Fifitini!"

Ankadziwa bwino lomwe kuti njira imeneyi siigwira nthawi zonse. Ankadziwa. Anasankha dala manambala omwe imagwira, n'kudziuza kuti sabata yamawa, fomu itasainidwa, adzakonza. Kenako anatsitsa mawu.

"Za manja mukuzikumbukira?"

"Eee, madamu!"

Limeneli linali lamulo lakale pa sukulupo, losalembedwa paliponse. Kafoni analipeza, sanaliyambitse. Kukabwera mlendo, mphunzitsi akafunsa funso, mwana aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa lamanzere. Mlendo amaona nkhalango ya manja, mphunzitsi amadziwa pothyola. Kumbuyo kwenikweni, mbali ya chitseko, kunkakhala mtsikana wina wamtali, wobwereza kalasi, yemwe kwa zaka zitatu sanakwezepo lamanja ngakhale kamodzi. Anzake ankangomutcha Manzere, iye n'kumayankha.

"Tiyese," anatero Kafoni. "Firii ndi folo?"

Manja mbuu. Ambiri amanja. Kumbuyo, lamanzere la Manzere, lokwezeka bwino, la munthu wodziwa ntchito yake.

A Zaluso anadzuka pa sitepe pomwe anakhala. Analankhula motsitsa kuti ana asamve, koma ana amamva ndi khungu lomwe.

"Madamu, manja awa ndawabwereka kuti awombe. Sindinawabwereke kuti aname."

"Aphunzitsi, aliyense amachita."

"Pa bolodi mungabise. Powomba simungabise. Wolakwa amamveka."

"Inu ntchito muli nayo kale! Ine mawa ndi mawa!"

Zinatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. A Zaluso anagwira chipewa. "Madamu." N'kutuluka.

Tsiku lonselo Kafoni anawatumizira mameseji seveni. Palibe ndi imodzi yomwe inawerengedwa. A Sayansi anamuuza kuti foni ya mdalayo ndi ya mabatani, imakhala m'chitini cha maburashi, amaiyatsa Lamlungu. Ataweruka anathamangira ku kasitolo, anapeza loko. Kunyumba anasita bulauzi imodzi kawiri. Alamu anafunsa ngati akufuna kuibowola kuti izilowa mphepo.

Lachinayi m'mawa Kafoni anafika geti lisanatsegulidwe. Anapukuta bolodi, analemba deti, anaifufuta chifukwa inapendekeka, analembanso. Anasuzumira ku thanki. Loko. Anayang'ana foni. Palibe.

A Insipekita anafika ndi a Hedi belu litangolira. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, wa chikwama chachikulu ngati cha namwino. A Hedi anawakonzera mpando kutsogolo, wa khushoni. Iwo anaudutsa, n'kupita kumbuyo kwenikweni.

"Tasuntha pang'ono, mwanawe," anauza Manzere, n'kukhala naye pa desiki.

Kuchokera kumbuyoko manja onse amaoneka bwino, lamanja ndi lamanzere.

Kafoni atangotsegula pakamwa, pa chitseko panadutsa mthunzi. A Zaluso. Sanalowe. Anakhala pa sitepe pawo paja, chipewa pa bondo, osayang'ana munthu.

Phunziro linayenda ngati pa tara. A zenera anawomba, a chitseko anamenya, pa thwelofu phaa! Thu ndi faifi, pa teni phaa! Firii ndi faifi, manja mbuu, Kafoni n'kuthyola lamanja la kutsogolo: "Fifitini, madamu!" A Hedi ankamwetulira ngati ndi iwo anabala ana onsewo. Pa foni, yomwe inali pa tebulo ikuwerenga nthawi, panatsala mphindi eyitini. Bondo linayamba kudekha.

"Madamu," anatero a Insipekita kumbuyo kuja, "ndingafunseko langa?"

Chakudza sichiimba ng'oma.

"Funsani, mayi."

"Ana inu, folo ndi sikisi amakumana pati?"

Manja anauluka. Amanja okhaokha, pafupifupi onse, ena mpaka kuimirira. Sanadikire n'kulozedwa komwe.

"Twente-folo!"

Folo kuchulukitsa ndi sikisi, njira yachidule ya Kafoni ija, yabwera kudzamupatsa moni pamaso pa alendo. Yankho linali thwelofu.

"Nonse mukuti twente-folo?" A Insipekita anatembenukira kwa mnzawo wa pa desiki. "Nanga iwe? Wakweza dzanja bwino kwambiri. Ukuti bwanji?"

Manzere anaimirira pang'onopang'ono, utali wonse uja. Zaka zitatu palibe anamulozapo. Anayang'ana Kafoni, anayang'ana dzanja lake, likadali m'mwamba.

"Sindikudziwa, madamu."

"Nanga wakwezeranji?"

"Ili ndi lamanzere, madamu. Ndi la osadziwa."

Wina kutsogolo anati "Iii!" A Hedi anayamba kufufuza chinachake m'thumba la jekete, chomwe munalibe. A Insipekita sanaseke, sanakwiye. Anangotsegula kope lawo n'kulemba mzere umodzi.

Kafoni anaona zonse nthawi imodzi: fomu, geti, sofa ya asisi, iye ali pa mkono wake miyezi ndi miyezi akutumiza makalata ofunsira ntchito. Mutu unkamuuza kuti thamangira pa bolodi, lemba thwelofu, lankhula mwachangu, mwina ziiwalika. Anayang'ana ku chitseko. A Zaluso anangotambasula zikhatho zawo ziwiri pa mawondo, ngati munthu woonetsa kuti alibe china koma zimenezi.

Kafoni anatenga foni n'kuivundikira pa tebulo.

"Tsitsani manja nonse," anatero. "Khala pansi, mwanangu, sunalakwe. Olakwa ndine. Dzulo ndinakupatsani njira yachidule, ndikudziwa kuti nthawi zina imanama. Lero yanama. Yankho sindikuuzani. Tiwombe, timve tokha. A zenera, folo. A chitseko, sikisi."

Anayamba kuwerenga. Pa folo a zenera anawomba. Pa sikisi a chitseko anamenya. Pa eyiti a zenera. Pofika pa thwelofu zinasokonekera. Ana ankadziwa m'mitu mwawo kuti kukumana ndi pa twente-folo, ndiye ataona a mbali inayo akukweza manja kuti nawonso agunde, aliyense anaganiza kuti walakwitsa. Ena anabweza manja m'mwamba, ena anawomba mochedwa, ena anaseka. Phakaphaka, ngati nkhuku zolowa m'madzi. Mu chisokonezo chonsecho munamveka kugunda kumodzi kolimba, kosakayika, kuchokera kumbuyo. Gu!

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Zaluso ali pa sitepe. Aka kanali koyamba kulankhula.

Zala zonse zinaloza Manzere. Iye anabisa manja pansi pa desiki.

"Ungathe zonse ziwiri wekha? Lamanzere folo, lamanja sikisi?"

Manzere anakweza mapewa. Kafoni anapita kukaima pambali pake. "Ndiwerenga ine. Usayang'ane munthu."

Wani, thu, firii, folo: lamanzere. Faifi, sikisi: lamanja. Seveni, eyiti: lamanzere. Mtsikanayo anali atatsinzina, mutu ukugwedezeka pang'ono. Naini, teni, leveni.

Gu! Manja onse awiri.

Anatsegula maso. "Akumana kale, madamu."

"Pati?"

"Pa thwelofu." Anaganiza kaye, milomo ikuyenda. "Pa twente-folo akumanaponso, koma kumeneko n'kachiwiri."

Kalasi inaphulika. "Bodza!" "Tibwereze!" "Madamu, nanga bwanji firii ndi faifi zinatheka?" Funso limeneli Kafoni analilandira ngati madzi ozizira. A Zaluso anali atalowa, Kafoni osadziwa kuti analowa liti, akutulutsa m'thumba choko chofiira ndi chobiriwira. Anajambula mzere pansi pa simenti, kuchokera ku bolodi mpaka kumbuyo, ana akulemba manambala. Mtsikana wina wamfupi anadumpha folo folo, kusiya chizindikiro chofiira. Manzere anaponda sikisi sikisi ndi miyendo yake yaitali ija, kusiya chobiriwira, kalasi ikuwomba. Pa thwelofu anagundana mapewa, onse n'kugwa ndi phwete. Kafoni anali chogwada, siketi yodzaza fumbi la choko, akufunsa kuti ndani angapeze manambala ena awiri omwe njira yachidule ija ingawanamize.

Belu linalira. Ntchito yolemba sinachitike. Theka la pulani linatsala pa pepala.

Mu ofesi ya a Hedi munali fani yolira ngati njuchi. A Hedi anayamba kufotokoza kuti za manjazo iwo ankazimva kumene lero. A Insipekita anawadula.

"A Hedi, za manja ine ndinkachita madamu awa asanabadwe. Kwathu wosadziwa ankapinda chala chachikulu. Mukuganiza kuti ndimakhaliranji kumbuyo?"

Anatulutsa fomu, n'kuiika pa tebulo, cholembera pamwamba pake. Kafoni anagwira bondo ndi manja awiri kuti lisagunde tebulo.

"Mphindi twente-thu zoyamba zija, madamu, ndinali nditakulepheretsani kale. Zinali zokongola, koma chinali chisudzo, ndipo si zisudzo zimene kalata ija ikunena. Munaphunzitsanso ana chinthu cholakwika mukudziwa. Chimenecho ndalemba, chikhala mu failo yanu."

"Ndamva, mayi."

"Ndikusainira mphindi eyitini zomalizazo." Cholembera chinayenda. "Ndidzabweranso teremu yamawa. Sindidzanena tsiku. Ndikadzaona nkhalango ya manja, ndidzaloza amanzere okhaokha."

A Insipekita anali akutseka chikwama.

"Bambo a choko chamitundu aja, chipinda chawo chili kuti?"

A Hedi anayang'ana Kafoni. Kafoni anayang'ana fani.

"Kuseri kwa thanki, mayi," anatero. "Ndinawaneneza ndine. Kalata imeneyo ndikuipempha, a Hedi. Ndikufuna ndiing'ambe."

Atatuluka Kafoni anayatsa foni, mameseji a asisi leveni. Anayankha liwu limodzi: "Asaina." Yankho linabwera la alamu, pa foni ya asisi: "Ndiye bondo lipume, nyumba yatopa."

Mipando yothyoka inatenga masiku atatu kuti ituluke. Lachiwiri lotsatira, Kafoni ali pakati polemba pa bolodi, kuseri kwa khoma kunayamba. Choko chinanjenjemera. Ana anamuyang'ana, akudikira kuti aone nkhope ija ankaidziwa. Kunena zoona mutu unayamba kuwawa pomwepo, phokoso ndi phokoso basi. Anapita pa khoma n'kulimenya katatu ndi chofufutira.

Ng'oma zinaleka. Zii.

"Madamu?" Mawu a a Zaluso, kudutsa m'matabwa.

"Aphunzitsi, tipatseniko sikisi ndi eyiti!"

Kenako ng'oma ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono, zinayamba kuthamangitsana. Ana sikisite-thu anawerama, milomo ikuwerenga, palibe wokweza dzanja. Bondo la Kafoni linkagwedezekabe, koma tsopano linkagwa pa sikisi aliyense.

Ng'oma zitagwa pamodzi, kumbuyo kunakwera dzanja limodzi. Lamanzere, mwa chizolowezi.

"Ee, tiuze."

"Twente-folo, madamu," anatero Manzere. "Ulendo uno ndi zoona."